Chitsime Kapena Dambo

Fomuyo inabwera Lolemba, itapindidwa panayi m'thumba la malaya a sukulu a Chitsiriza. Mtsikanayo anaitambasula pa tebulo lomatira mabuku, pakati pa chitini cha guluu ndi mulu wa zikuto, nati, "Amayi, akuti musaine. Ikufunika Lachisanu la sabata yamawa."

Mayi akewo anali ndi guluu m'zala zonse. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankagwira ntchito m'kashopu kosindikiza ndi kumanga mabuku, kuseri kwa sitolo ya nsapato, m'chipinda cha zenera limodzi momwe fungo la inki silinkatha. Ntchito yake inali kusoka masamba, kumata msana wa buku ndi kuliveka chikuto. Ambiri mwa mabukuwo anali aja amalemba ana a ku yunivesite akamamaliza maphunziro, a zikuto zakuda ndi zilembo zagolide. Ankawamanga bwino, mabuku a ana a eni ake, koma sankawatsegula kuti awerenge.

Fomuyo sanaikhudze. Anangoiyang'ana ali chiimire. Pepala lachikasu, timabokosi tiwiri m'munsi, ndi kamzere kosainapo kholo. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo anasainapo ina yotero, pa tebulo lomwelo.

Pasukulu ya Chitsiriza, ana okhoza bwino ankaloledwa kupitiriza zaka ziwiri zina zokonzekera yunivesite, ndipo njira zinali ziwiri. Yoyamba inali ya maphunziro atatu okha, masamu, fizikisi ndi kemisitiri, koma ozama, ndipo zonse zinkathera pa mayeso aakulu a kumapeto. Yachiwiri inali ya maphunziro asanu ndi limodzi: zilankhulo, mbiri, jogalafe, masamu pang'ono, kuphatikizapo chimangirizo chachitali, ndipo malikisi ankasonkhanitsidwa pang'onopang'ono chaka chonse. Mayina enieni a njirazi anali aatali, moti ana a sukulu anazipatsa awoawo. Yoyambayo ankaitcha Chitsime, poti n'chopapatiza koma chakuya. Yachiwiriyo ankaitcha Dambo, lotambalala, madzi ake olekeza m'mawondo.

"Ine ndikufuna Chitsime," anatero Chitsiriza.

"Ndamva."

"Simunandifunse n'komwe chifukwa chake."

"Ndati ndamva. Pita kunyumba ukayanule zovala, kumwambaku sikukuoneka bwino."

Pakona panali Achikulire, bambo wa imvi woyendetsa makina odulira mapepala. Anasuzumira fomuyo pamwamba pa magalasi ake, namwetulira.

"Ndiye kuti, Amake Dokotala, m'nyumba mwanu mukhala madokotala awiri!"

Mawuwo atangotuluka anawamva yekha. Anatsokomola, nakankha mulu wa mapepala pansi pa mpeni, mpeniwo n'kutsika, khaa!

Dokotala anali mwana woyamba wa mayiyo. Dzinali silinali lobadwa nalo. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi ankawerengera mkulu wina wa nyumba yapansi malangizo a pa mabotolo a mankhwala, poti mkuluyo maso anali atayamba kufooka. Mkuluyo ankaima pa masitepe n'kumakuwa kuti, "Dokotala, tabwera udzandione!" Dzina linamera. Mayi ake naye anasanduka Make Dokotala, kuntchito, mumsewu, ngakhale kusukulu. Bambo wa anawo anamwalira Chitsiriza ali kumsana, ndipo mayi wamasiyeyo akamva dzina limenelo msana unkawongoka.

Mnyamatayo ankakhoza chilichonse chimene amupatsa. Itafika nthawi ya fomu, mayi ake anachonga Chitsime n'kusaina, ndipo m'mutu mwa mayiyo nkhaniyo inakhala yoti anagwirizana onse awiri. Zaka ziwiri mnyamata anawerenga, anaonda, anasiya mpira, koma malikisi ankabwera abwino. Tsiku la pepala lomaliza la masamu anasita yekha yunifolomu. Anakhala maola atatu m'holo, napereka kabuku koyankhiramo kopanda kanthu kupatula nambala yake pachikuto. Anabwera kunyumba wapansi, anapinda yunifolomu, anaiika pampando, nalowa m'chipinda chake chakumapeto kwa kolido.

Tsopano zinali zaka zisanu ndi chimodzi.

Anthu ananena zonena. Ena ankati anasuta zoipa, ena ankati anam'chita anzake a nsanje. Kuchipatala anam'patsa mapiritsi, amene anam'thandiza kudya ndi kugona. Miyezi itatu iliyonse mayi ake ankapita naye kukatenga ena, iye atazolika, atavala chipewa, osayankha moni wa munthu. Kupatula apo sankatsika masitepe. Sankachita ndewu, sankalira, sankapempha kanthu. M'chipinda ankatuluka pokhapokha m'nyumba mukakhala mulibe munthu, ndipo ankam'dziwira zizindikiro: kapu yotsukidwa yovundikira pa sinki, sopo wonyowa, katani yokokedwa pang'ono, mpando wofunda pomwe iwo angolowa kumene. Mayi ndi mwana wake wamkazi anaphunzira kuyankhula motsitsa, kuika supuni pambale popanda phokoso. Alendo anasiya kubwera. M'nyumbamo munali ngati pamaliro pomwe thupi silinafike.

Lachinayi linali tsiku loti makolo akakumane ndi aphunzitsi. Make Dokotala anapempha maola awiri kwa abwana, nachotsa guluu m'zala ndi parafini. Chichitikire zija ankapewa kulowa mkati mwa sukuluyo, zonse ankathera pa ofesi ya pageti. Lero panalibe kuthawa. Anadutsa kolido yaitali ya fungo la polishi ndi choko, fungo lomwe lija. Chitseko cha holo chinali chotsegula. Sanafune kuyang'ana, koma maso anapita okha. Madesiki anali ataunjikidwa kukhoma miyendo m'mwamba, wotchi yaikulu ili pamwamba pa nsanja. Pakati pa simenti panatsala desiki imodzi yoiwalika, mpando wake utakokedwa ngati munthu wangodzukapo kumene. Anafulumiza miyendo.

Mphunzitsi wa masamu anali mayi wamfupi wa imvi. Ana ankamutcha Kampasi chifukwa akamachoka pa bolodi ankazungulira pa chidendene chimodzi, ngati kachida kaja kojambulira mizere yozungulira.

"Khalani, mayi. Mwana wanu uja amandisowetsa mtendere," anatero uku akutulutsa mapepala m'kabati. "Ndikapereka samu, ndisanasanse n'komwe choko m'manja, iye dzanja lili m'mwamba. Sabata yatha anandigwira nditalakwitsa pa bolodi. Sanandichititse manyazi ayi, anangotsokomola. Chifuwa cha mwana ameneyu ndimachiopa."

"Nanga maphunziro enawo?"

"Enawo amangodutsa. Onani chimangirizo ichi. Anauzidwa masamba atatu, iye walemba limodzi ndi theka, ngati mawu akumuotcha m'manja. Mbiri akaloweza Lachitatu, Lachisanu waiwala. Ku Dambo akhoza kukhoza, sindikukana. Koma kumeneko n'kuwerenga ndi kulemba nkhani zaka ziwiri. Adzakhala ngati nsomba ya m'beseni."

"M'beseni munthu samira."

Kampasi anavula magalasi, nawaika pa mapepalawo.

"Ndinaponyamo kale mwana mmodzi m'chitsime chanucho," anapitiriza Make Dokotala, mawu ali pansi. "Simungam'kumbukire. Ana ndi ambiri."

"Ndikum'kumbukira. Tsiku lija anakhala mzere wachitatu, pafupi ndi zenera. Woyang'anira mayeso m'holo ndinali ine."

Panja belu linalira, ana n'kuyamba kuthamanga m'kolido. Mphunzitsiyo anadikira kuti phokoso lidutse.

"Pali chimene sindinakuuzeni, mayi. Pa mayeso aja timapereka kabuku koyankhiramo, ndi mapepala ena oyeserapo, amene pamapeto timatolera n'kukawatentha. Mwana wanu sanangokhala manja lende ayi. Analemba. Maola awiri athunthu cholembera chinkayenda, koma pa mapepala oyeserawo. Atamaliza anawasanja bwinobwino, naika cholembera pansi, n'kuyamba kuyang'ana wotchi. Ndinadutsa pambali pake katatu. Malamulo salola kuyankhula, komabe ndinagogoda pa kabuku kake ndi chala. Anandiyang'ana, namwetulira ngati akundipepesa. Ola lonse lomaliza anangokhala."

"Mwina zimene analembazo zinali zolakwika."

"Ndinaziwerenga ndisanazitenthe. Pa mafunso khumi anakhoza asanu ndi anayi. Akanangokopera m'kabuku, akanakhala woyamba pasukulu pano."

Make Dokotala anagwira m'mphepete mwa tebulo. Zaka zonsezi ankakhulupirira kuti masamu anam'kulira mwana wake, kuti mutu unatentha n'kuzima monga amachitira makina. Chikhulupiriro chimenecho chinali chowawa, koma chinali chake, ndipo ankadziwa pochigwira. Tsopano nacho chinam'pulumuka.

"Bwanji simunandiuze?"

"Tsiku lina ndinanyamuka, ndinafika mpaka pa masitepe a nyumba zanu. Ndinabwerera. Sindinadziwe ngati ndakutengerani mankhwala kapena mpeni. Mpaka lero ndikamayang'anira mayeso, pa mzere wachitatu miyendo imaima yokha." Anavalanso magalasi aja. "Koma mtsikanayu si mchimwene wake. Uja masamu ankawakhoza. Uyu amawakonda. N'zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ine ndinachedwa kuzidziwa."

Make Dokotala anathokoza, natuluka. Pobwerera anazungulira kuseri kwa makalasi, modutsa pa zinyalala, kuti asaonenso holo ija.

Atafika kuntchito anatulutsa fomu m'chikwama. Maganizo ake anayenda motere: ngati mwana wokhoza mafunso asanu ndi anayi angathe kubwera n'kudzadzitsekera, ndiye kuti nzeru si mpanda. Ku Dambo kunalibe tsiku limodzi lonyamula moyo wonse wa munthu, kunalibe wotchi ija. Anabwereka cholembera cha abwana, anachonga Dambo, nasaina modinikiza mpaka dzina lake linaonekera kuseri kwa pepala.

Loweruka m'mawa, mayi akuchapa m'bafa, Chitsiriza anapisa m'chikwama chawo kufuna chipeso. Anatulukira pakhomo la bafa pepala lachikasu lili m'manja.

"Amayi, ichi n'chiyani?" ananong'ona, monga ankayankhulira nthawi zonse m'nyumbamo.

"Ndi fomu yako. Ukapereke Lolemba."

"Ndinati Chitsime."

"Unati. Ine ndasaina."

"A Kampasi anakuuzani chiyani?"

"A Kampasi sanakubereke."

"Mukudziwa kuti chimangirizo chimandipweteketsa mutu. Mukudziwa! Zaka ziwiri ndizikalemba za mafumu akufa?"

"Tsitsa mawu."

"Ndatsitsa mawu kuyambira ndili ndi zaka khumi!" Mawuwo anagunda makoma a bafa n'kutulukira m'kolido. "Anzanga sabwera kuno. Wailesi sitiyatsa. Ndikakhoza mayeso ndimabisa pepala kuti musachite mantha. Mayi wina aliyense akanavina, inu mumandigwira pachipumi ngati ndadwala malungo."

"Mwanawe, ndikukuteteza."

"Simukusankhira ine. Mukusankhira achimwene. Dambo lawo lija mwachedwa nalo zaka zisanu ndi zitatu, ndiye mwaona kuti mulipachike pa ine."

"Dambo lawo liti? Mchimwene wako anafuna yekha Chitsime."

"Afunseni."

Kumapeto kwa kolido mpando unakhulika pa simenti. Onse awiri anauma. Malaya amene mayiyo anagwira ankadontha m'beseni, do, do, do. Anadikira. Chitseko sichinatseguke.

Chitsiriza anapita pabalaza, naika fomuyo patebulo, n'kuitsindira ndi chitini cha shuga.

"Ine sindikapereka," anatero, tsopano akunong'onanso. "Mukapereke nokha."

Inakhala pomwepo Lamulungu lonse ndi Lolemba. Ankadya moizungulira, aliyense akusamala kuti asaidonthezere tiyi.

Lachiwiri cha m'ma leveni magetsi anazima msewu wonse. Abwana anadikira theka la ola, anatukwana pang'ono, kenako anati aliyense azipita. Make Dokotala anali asanabwererepo kunyumba nthawi ngati imeneyo pakati pa sabata. Anakwera masitepe, natsegula chitseko mwakachetechete monga mwa chizolowezi.

Munthu anali ataima pa zenera la pabalaza, pamene dzuwa limalowera, wopanda nsapato, atavala juzi yakale ya malemu bambo a anawo. Kumbuyo kwa khosi ndi mapewa anali bambowo enieni, moti chikwama cha mayiyo chinatsala pang'ono kugwa. Kenako anazindikira kuti ndi mwana wake. Panali patapita zaka asanamuone ataima chowongoka. Anali wamtali kuposa mmene ankam'kumbukirira. M'dzanja anali ndi pepala lachikasu lija.

Dokotala anatembenuka. Maso ake anathamangira ku kolido ngati akuyeza mtunda. Mayi ake anazindikira kuti waima panjira, nasuntha kuti am'patse mpata. Iye sanadutse.

"Magetsi azima," anatero mayiyo.

"Ndaona. Firiji yasiya kulira." Mawu ake anali osasa, a munthu amene sayankhula kawirikawiri.

"Wadya?"

"Ndadya." Anayang'ana fomuyo. "Sanasinthe ngakhale mtundu wa pepala."

Mayiyo anakhala m'mphepete mwa mpando, chikwama pamiyendo, ngati mlendo m'nyumba yake yomwe. Ankaopa kupuma mwamphamvu.

"Musam'patse zanga, amayi."

"Zako ziti?"

"Dambo. Linali langa limenelo. Iye alibe nalo ntchito."

"Koma iwe, si tinagwirizana? Unati Chitsime."

"Ndinati Dambo. Kawiri. Koyamba munkasita, munati tidzakambirana. Kachiwiri kunali kuntchito kwanu, nditabwera ndi fomu. Munauza anthu kuti, 'Dokotala wathu wafika.' Onse anaseka, Achikulire anandigwira chanza. Ndinanena motsitsa. Inu munali mukufunafuna cholembera."

Sananene mokwiya. Ananena mosadukiza, ngati nkhani imene waibwereza yekha kambirimbiri mpaka minga yake inatha. Ndipo mayiyo anakumbukira. Sizinabwere pang'onopang'ono ayi, zinabwera zonse nthawi imodzi: nsimbi yotentha m'dzanja, mnyamata ataima pakhomo la khitchini akukanda chigongono, akunena za zilankhulo, zoti akufuna kudziwa mmene anthu a kutali amatchulira mvula. Anakumbukiranso kuti anayankha osatembenuka.

"Ndinamva," anatero. "Mwananga, ndinamva. Ndinachita ngati sindinamve."

Dokotala anangogwedeza mutu, ngati munthu amene wauzidwa nthawi.

"A Kampasi andiuza za mapepala oyesera aja. Akuti unakhoza mafunso asanu ndi anayi."

"Asanu ndi anayi?" Nsidze zinakwera pang'ono. "Ndiye kuti lachisanu ndi chiwiri lija ndinalakwitsadi."

"Bwanji sunakopere m'kabuku?"

Dokotala anayang'ana pa zenera. Pansi mumsewu galimoto inkabwerera chambuyo, wina akuikuwira kuti ibwere, ibwere, basi.

"Sindidziwa bwinobwino. Kuchipatala andifunsa kambiri. Ndinamaliza, ndinatsegula kabuku kaja. Ndiye ndinaona kuti ndikalemba, mawa kuli china, kenako china, mpaka ndidzakalamba ndili munthu amene sindikum'dziwa. Ndinati ndipume kaye mphindi imodzi. Dzanja silinadzukenso." Anapukuta chikhatho pa juzi. "Si kuti ndinkakulangani, amayi. Musamaganize choncho."

Misozi inali itafika pachibwano, koma mayiyo sanaipukute, kuopa kuti akasuntha dzanja mwanayo athawa.

"Nanga mlongo wako akadzakhala ngati iwe?"

"Khoma lija ndi lopyapyala. Ndimamumva akamawerenga. Amayankhula nawo masamu, amawatukwana, amawanyengerera. Samu ikatheka amamenya tebulo n'kuseka, kenako n'kudzigwira pakamwa chifukwa cha ine. Ine zaka ziwiri zija sindinasekepo. Inu simunaone?"

"Ndinkaona malikisi."

"Eee. Anali abwino." Anaika fomuyo patebulo, nabwezera chitini cha shuga pamwamba pake ndendende mmene chinalili. "Sindingakulonjezeni kuti sadzagwa. Koma akagwa, agwere mwake."

Anadutsa pafupi ndi mayi ake, mkono wa juzi n'kukhudza phewa lawo. Atafika pakati pa kolido anaima osatembenuka.

"Mumuuze asamadzigwire pakamwa."

Chitseko chinatsekeka. Mayiyo anakhala pampando paja, chikwama chili pamiyendo, mpaka firiji inayambanso kulira.

M'mawa mwake anadzera pa ofesi ya pageti kukapempha fomu ina. Kalaliki wa pamenepo anam'yang'ana modutsa pa zenera la waya.

"Yoyamba mwataya?"

"Ndalakwitsa."

"Chaka chino makolo akulakwitsa kuposa ana. Ndinu wachisanu." Anatulutsa ina m'kabati, naipemerera fumbi. "Iyi muyambe mwalemba ndi pensulo."

Madzulo anaiika patsogolo pa Chitsiriza yopanda kanthu, cholembera pambali.

"Chonga wekha."

Mtsikanayo anayang'ana fomu, anayang'ana mayi ake, ngati akufunafuna pamene pabisala msampha.

"Mukunenadi?"

"Chonga ndisanasinthe maganizo."

Anachonga Chitsime, kachizindikiro kakang'ono kaukhondo kosatulukira m'bokosi. Mayi ake anasaina. Dzinalo linaoneka ngati walemba munthu wina. Kenako anam'fotokozera zimene mchimwene wake ananena, zonse, mpaka mawu omaliza aja. Chitsiriza anadzuka, anayenda mpaka kumapeto kwa kolido, naima pa chitseko chija nthawi ndithu. Sanagogode.

"Zikomo, achimwene," anauza thabwalo.

Mkatimo munali zii. Anadikira pang'ono, nabwerera kudzatsuka mbale.

Teremu yatsopano inayamba. Mabuku a ku Chitsime anali olemera, moti lamba wa chikwama cha Chitsiriza anaduka sabata yachiwiri, mayi ake n'kukam'soka kuntchito ndi ulusi wa mabuku. Dokotala sanatulukenso pamaso pawo. Mayiyo anayesapo kubwera masana kawiri, ponamizira mutu, koma anapeza pabalaza palibe munthu.

Itakwana sabata yachisanu ndi chimodzi, Chitsiriza anabwera kuchokera kusukulu, namenyetsa chitseko mpaka makapu analira m'kabati. Anaponya pepala la mayeso patebulo. Pamwamba pake panali 41 wofiira, wozunguliridwa.

Make Dokotala sanayang'ane pepalalo. Anayang'ana nkhope ya mwanayo, maso, pakamwa, manja, kufunafuna chinthu chimene iye yekha sankadziwa maonekedwe ake, chifukwa ulendo woyamba uja sanachione.

"Funso lachinayi n'lachinyengo!" anakuwa Chitsiriza akuvula nsapato ndi chidendene. "A Kampasi akuti aliyense amayamba choncho. Bodza! Pali mtsikana wina wa mano otalikirana wapeza 63, ndipo amachita kuyasamula polemba. Ndim'peza ameneyo. Kuli chakudya? Njala ikundipha."

Anadya mbale ziwiri ali chiimire, akudandaulabe chakudya chili m'kamwa. Mayi ake anavomera apa ndi apo, koma mantha sanam'choke.

M'mawa mwake, Chitsiriza atatuluka, mayiyo anadikira kuti mapazi atsike masitepe, natenga chikwama n'kum'tsatira chapatali. Anadutsa njira yake ya kuntchito osakhota. Pafupi ndi sukulu anaima tsidya lina la msewu, kuseri kwa lole yotsitsa makatoni a zakumwa. Anamuona mwana wake akukumana ndi mtsikana wina wamtali pageti. Awiriwo anayamba kukangana nthawi yomweyo, Chitsiriza akujambula chinachake m'mwamba ndi chala, winayo akupukusa mutu n'kufufuta m'mwamba momwemo ndi chikhatho. Analowa akukanganabe, mpaka khamu la mayunifolomu linawameza.

Anafika kuntchito mochedwa ndi theka la ola, abwana n'kuyang'ana wotchi yawo mokokomeza. Sabata yotsatira anachitanso chimodzimodzi, ndi ina yotsatira. Anthu a lole aja anayamba kum'patsa moni. Chitsiriza ankadziwa ndithu kuti mayi ake ali kumbuyo, poti tsiku lina la mvula anayenda pang'onopang'ono kwambiri pa malo oterera, n'kulambalala chithaphwi mochita kuonetsa. Koma sanacheukepo, ndipo kunyumba palibe amene anaitchula nkhaniyo.